Kathebulo ka laputopu kokhala ndi fani ndi masipika: mmene kamagwirira ntchito ndi mmene mungakakonzere

Kuno ku Chikangawa timadziwika ndi zinthu ziwiri: mitengo ya paini ndi kuzizira. Mu June ndi July chifunga chimatha kukuta msewu wa M1 mpaka madalaivala kuyatsa nyali dzuwa lili pamutu. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amadabwa ndikawauza kuti ngakhale kuno laputopu ikhoza kutentha mpaka kuzima yokha. Imatentha ndithu, ndipo ikazolowera kutentha choncho batire yake imafooka msanga, makina amayamba kuchedwa, tsiku lina n'kuzima ntchito yanu musanaisunge. Laputopu si chinthu chotchipa. M'mabanja ambiri ilipo imodzi yokha, mwina yomwe achimwene anatumiza kuchokera ku Joni, ndipo ikafa palibe ina yolowa m'malo.

Lero tikambirana za chipangizo chomwe chinapangidwa kuti chithandize pa vutoli: kathebulo koika pamiyendo, kokhala ndi fani yoziziritsa laputopu, ndipo kena kamakhalanso ndi masipika. M'masitolo mumva akukatchula kuti lap desk kapena cooling pad. Chitsanzo chodziwika ndi Speaker Lapdesk N700 yomwe kampani ya Logitech inatulutsa mu 2010: pansi pali khushoni, pamwamba fani, m'mbali masipika awiri, zonsezo zikudya magetsi kudzera pa waya umodzi wa USB. Ndakasankha dala kachipangizo kameneka chifukwa m'kati mwake muli mitu itatu ya Physics imene mudzakumane nayo pa mayeso a MSCE: kayendedwe ka kutentha, mphamvu ya magetsi, ndi ubale wa magetsi ndi maginito.

Kutenthako kumachokera kuti?

Magetsi akamadutsa m'chinthu chilichonse chimene chimawakaniza pang'ono, gawo la mphamvu yake limasanduka kutentha. James Prescott Joule wa ku England ndiye anayeza zimenezi m'zaka za m'ma 1840, ndipo n'zimene timalemba kuti P = I²R. M'kati mwa laputopu muli purosesa, kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, kokhala ndi matransista mabiliyoni amene amayaka ndi kuzima mosalekeza. Pafupifupi mphamvu yonse imene laputopu imakoka ku batire kapena ku chaja imathera kukhala kutentha. Purosesa ya laputopu wamba imatulutsa mawati a pakati pa 15 ndi 45 ikamagwira ntchito yolemetsa. Mawati 30 angaoneke ochepa, koma taganizani onsewo akutulukira pamalo aang'ono ngati chikhadabo chanu. Popanda njira yochotsera kutenthako, kachipangizoko kangapse.

Opanga makinawa anaikamo chitetezo. Purosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100, imadzichepetsera yokha liwiro kuti ipume. Zikapitirira apo, laputopu imangozima. Ndiye mukaona laputopu ikuchedwa, fani yake ikulira ngati chigayo, musathamangire kunena kuti yalowa vayirasi. Kawirikawiri imakhala kuti ikubanika.

Njira zitatu zimene kutentha kumayendera

Njira yoyamba ndi ija m'kalasi timati conduction: kutentha kumayenda m'kati mwa chinthu cholimba kuchokera kotentha kupita kozizira, monga mmene chogwirira cha supuni yachitsulo chimatenthera mukaisiya mu tiyi. Zinthu zimasiyana kwambiri pa luso limeneli. Mkuwa uli ndi pafupifupi 400 W/mK, aluminiyamu pafupifupi 237, thabwa la paini pafupifupi 0.12, ndipo mpweya wongokhala phee uli ndi 0.026 basi. Apa mwaona chifukwa chake pamwamba pa purosesa amaikapo mkuwa osati thabwa. M'malaputopu ambiri muli kapaipi ka mkuwa kotsekedwa mbali zonse, m'kati muli timadzi tochepa. Timadzito timasanduka nthunzi pa purosesa, nthunziyo imathamangira ku mbali yozizira komwe kuli fani, imasandukanso madzi, n'kubwerera. Ndi mmene kutentha kumachokera pakati pa makina kufika m'mphepete.

Njira yachiwiri ndi convection: mpweya kapena madzi oyenda amanyamula kutentha n'kupita nako kwina. Iyi ndiyo ntchito ya fani. Malaputopu ambiri amakoka mpweya wozizira kudzera m'timabowo ta pansi, n'kuutulutsa wotentha cham'mbali kapena kumbuyo.

Njira yachitatu ndi radiation, monga mmene mumamvera moto wa mbaula pankhope musanaukhudze. Pa laputopu njirayi imathandiza pang'ono chabe, chifukwa chikwama chake sichitentha kwambiri poyerekeza ndi chipinda.

Tsopano tiyeni tilumikize ndi moyo wathu kuno. Usiku kukazizira, mumalowa m'bulangeti, laputopu n'kuiika pamwamba pa bulangetilo. Bulangeti limatifunditsa chifukwa limatsekera mpweya m'kati mwa ulusi wake, ndipo taona kale kuti mpweya wongokhala suyendetsa kutentha. Ndiye mwaifunditsa laputopu, komanso mwatseka timabowo take topumira. Njira yoyamba ndi yachiwiri zonse mwazipha nthawi imodzi. Chipinda chizizire bwanji, mpweya wozizirawo ngati sukufika pa purosesa palibe chimene ukuthandiza.

Palinso za thupi lanu. Kuika laputopu yotentha pantchafu maola ambiri tsiku ndi tsiku kumatha kusiya mawanga akuda ngati ukonde pakhungu, ofanana ndi amene amatuluka m'miyendo ya munthu wokonda kuwotha moto pafupi kwambiri. Madokotala amawatcha erythema ab igne. Sipafunika kutentha kowotcha ayi, madigiri 43 mpaka 47 ndi okwanira ngati zichitika kwa nthawi yaitali. Ntchito yoyamba ya kathebulo kathu, fani isanazungulire n'komwe, ndi kupereka malo olimba ndi osalala kuti timabowo tisatsekeke, ndi kulekanitsa makina otentha ndi khungu lanu.

Tiwerengere limodzi: pakufunika mpweya wochuluka bwanji?

Mukukumbukira Q = mcΔT. Specific heat capacity ya mpweya ndi pafupifupi 1,000 J/kg°C. Tinene kuti laputopu ikutulutsa mawati 30, kutanthauza majoule 30 pa sekondi iliyonse, ndipo tikufuna kuti mpweya utuluke utakwera ndi madigiri 10 okha.

m = Q ÷ (cΔT) = 30 ÷ (1,000 × 10) = 0.003 kg pa sekondi.

Amenewa ndi magalamu 3 a mpweya pa sekondi iliyonse. M'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya wodzaza kyubiki mita imodzi umalemera pafupifupi 1.2 kg, choncho magalamu 3 ndi malita 2.5. Koma ife tili pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita opitirira 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kuno mpweya ndi wopepuka, pafupifupi 1.05 kg pa kyubiki mita, ndiye magalamu 3 omwewo akufuna malita pafupifupi 2.9. Fani imakankha malita, siyeza magalamu. Choncho fani yomweyo, ikuzungulira pa liwiro lomwelo, kuno imanyamula mpweya wochepa kulemera kwake kusiyana ndi ku Nkhata Bay kapena ku Nsanje. Mwayi wathu ndi wakuti mpweya wathu umalowa uli wozizira kale, ndipo zimenezi zimabwezera zimene tataya. Koma mu October, kukatentha, mwayi umenewo umachepa.

Mdani wathu wamkulu kuno ndi fumbi. Tili pakati pa nkhalango ya Viphya, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo ambiri mwa inu makolo anu amadya za matabwa. Utuchi wosalala, fumbi la m'chilimwe, phulusa la moto wolusa m'nkhalango, ndi ulusi wa mabulangeti, zonsezi fani imakoka. Malita atatu pa sekondi ndi malita oposa 10,000 pa ola limodzi. Pakapita miyezi, fumbilo limaundana pa timapepala tachitsulo totulutsira kutentha n'kukhala ngati kabulangeti kena ka m'kati.

Magetsi a pa USB ndi ochepa, agaweni bwino

Kathebuloka kalibe batire yakeyake, kamayamwa kwa laputopu. Bowo la USB 2.0 limapereka mavoti 5 ndi 0.5 A. Pogwiritsa ntchito P = VI, amenewo ndi mawati 2.5. Bowo la USB 3.0, lomwe nthawi zambiri limakhala la buluu m'kati, limapereka 0.9 A, kutanthauza mawati 4.5.

Tinene kuti pa fani palembedwa 5 V, 0.2 A. Imeneyo yatenga wati imodzi. Pa USB 2.0 atsala mawati 1.5 oti masipika awiri agawane. Mukakweza voliyumu mpaka kumapeto, ampulifaya imafuna magetsi oposa amene alipo, mawu amayamba kusweka, nthawi zina chipangizo chonse chimazima n'kuyakanso. Ambiri amaganiza kuti sipika yaphulika, chonsecho ndi njala ya magetsi chabe. Yesani kusamutsira waya ku bowo la buluu musanatsegule chilichonse.

Kumbukiraninso izi magetsi a ESCOM akathima. Batire ya 45 Wh pa laputopu yodya mawati 15 ikhala maola 3. Mukawonjezera kathebulo kodya mawati 2.5, ndiye 45 ÷ 17.5, omwe ndi maola 2 ndi mphindi 34. Mwataya mphindi 26. Ngati mukungowerenga manotsi, zimitsani fani ndi masipika, kathebulo kagwire ntchito ngati thabwa basi.

Fani ndi sipika ndi pachibale

Waya wonyamula magetsi ukakhala pakati pa maginito umakankhidwa. Imeneyi ndi motor effect, ndipo mbali imene wayayo alowere mumaipeza ndi lamulo la dzanja lamanzere la Fleming. Mu sipika muli koyilo ya waya wopyapyala yomatidwa ku pepala looneka ngati fanulo, ndipo koyiloyo ili pakati pa maginito. Magetsi a nyimbo amasinthasintha mbali, ndiye koyilo imapita kutsogolo ndi kumbuyo, pepala limakankha mpweya, khutu lanu n'kumva mawu. Sipika ya mtundu umenewu anaikonza Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku General Electric ku America mu 1925, ndipo mpaka lero mfundo yake sinasinthe.

Mu fani mphamvu ndi yomweyo, kungoti anaikonza kuti izizungulitsa. Mafani a makompyuta alibe maburashi ngati mota ija timajambula m'kalasi. Makoyilo amakhala chilili pakati, maginito ndi amene amazungulira limodzi ndi mapiko. Kachipangizo kotchedwa Hall sensor kamazindikira pamene maginito afika n'kuuza dera la magetsi koyilo yoyenera kuyatsa. Dzinalo likuchokera kwa Edwin Hall amene anatulukira mfundoyi mu 1879.

Kukonza: yambani ndi chophweka

Mmisiri wabwino sayamba ndi sikuludiraiva, amayamba ndi mafunso. Chafa n'chiyani: fani yokha, mawu okha, kapena zonse? Yankho lake limakuuzani koyang'ana. Musanatsegule, zulani waya wa USB, jambulani chithunzi ndi foni kuti mudzadziwe pamene waya uliwonse unali, ndipo masikuluwu muwaike m'kachivindikiro kuti asasowe.

Ngati zonse zafa, fani ndi masipika omwe, ganizirani za chinthu chimene zonsezi zimagawana: waya wa USB. Yesani bowo lina la laputopu. Kenako pindani wayayo pang'onopang'ono pafupi ndi pulagi komanso pamene walowera m'kathebulo. Fani ikagwedezeka n'kusiya, wayayo waduka m'kati, chifukwa mkuwa ukapindidwa malo amodzi kambirimbiri umathyoka. Ku labu tili ndi multimeter: iikeni poyeza ngati njira ya magetsi ili yolumikizika, ndipo yezani waya uliwonse kuchokera nsonga ina kufika ina. Nthawi zambiri wofiira ndi wa mavoti 5, wakuda ndi wobwerera, woyera ndi wobiriwira ndi onyamula uthenga. Dulani gawo lowonongeka, lumikizani mtundu ndi mtundu, wotcherani ndi soda, ndipo waya uliwonse muukulunge tepi pawokha. Wofiira ndi wakuda akakhudzana mukhoza kuwononga bowo la USB la laputopu, ndiye yezaninso musanalumikize. Poyesa koyamba, ndi bwino kugwiritsa ntchito chaja ya foni kapena power bank m'malo mwa laputopu.

Ngati masipika akulira koma fani siikuzungulira, yang'anani kaye switchi yake. Kenako kankhani mapiko ndi chala magetsi mutazula. Ayenera kuzungulira mofewa. Akakhala olimba, chotsani fumbi ndi tsitsi ndi mswachi wakale wouma. Mafani otchipa ambiri ali ndi kachitsulo kozungulira m'kati mwa kachubu kopaka mafuta, ndipo mafutawo akauma fani imalira kwee kapena kuima. Matulani sitika ya kumbuyo, dontheza dontho limodzi la mafuta a makina osokera, zungulitsani ndi chala, n'kumatanso. Mafuta ophikira ayi: amenewo amauma n'kukhala ngati ulimbo. Ngati mukupemerera fumbi ndi pampu ya njinga, gwirani mapiko kuti asazungulire. Mota ikazungulitsidwa ndi mphamvu ya kunja imasanduka jenereta, ndipo liwiro lopitirira muyeso limawononga pozungulira pake. Fani ikakanikabe, werengani zolembedwa pa sitika, mavoti, ma ampu ndi kukula kwake, mukafunse yofanana nayo kwa okonza mafoni ndi makompyuta ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu. Poika yatsopano onetsetsani kuti ikuuzira m'mwamba, kulowetsa mpweya m'timabowo ta pansi pa laputopu.

Ngati fani ikuzungulira koma mawu kulibe, yambani pa laputopu pomwepo. Masipika a USB kompyuta imawaona ngati chipangizo chapadera, ndiye lowani pa zosankha za mawu muone ngati asankhidwa. Zikakhala bwino kumeneko, tsegulani. Masulani waya umodzi wa sipika, tengani batire ya tochi ya mavoti 1.5, mukhudzitse nsonga ziwiri za sipikayo kamphindi kochepa. Sipika yamoyo imati thi, pepala n'kusuntha. Pa multimeter, sipika yolembedwa 4 Ω imawerenga pafupifupi 3 mpaka 4, ya 8 Ω pafupifupi 6 mpaka 7. Ikapanda kuwerenga kanthu, koyilo yaduka, sipikayo ndi yosintha. Mukhoza kuchotsa ina mu wailesi yakufa, bola ma ohm afanane. Mukaika ya 4 Ω pamalo pa ya 8 Ω, lamulo la Ohm likutiuza kuti ikoka magetsi owirikiza, ndipo ampulifaya itentha. Mawu akamanjenjemera ngati muli ntchentche, yang'anani pepala: mwina lang'ambika, kapena maginito akoka tizitsulo. Pong'ambika pang'ono mungamate ndi kapepala kopyapyala ndi guluu wochepa. Masipika onse akakhala amoyo koma chete, vuto lili pa bolodi ya ampulifaya: funani malo amene soda yasweka kapena capacitor yotupa pamwamba. Pamenepo pemphani thandizo kwa mphunzitsi kapena mmisiri.

Malire amene simuyenera kudumpha

Mavoti 5 a m'kathebulo sangakuvulazeni, n'chifukwa chake ndi malo abwino ophunzirirapo. Chaja ya laputopu ndi nkhani ina. Imalandira mavoti 230, ndipo m'kati mwake muli capacitor imene imasunga mavoti oposa 300 ngakhale mutaizula kukhoma. Musaitsegule. Batire ya laputopu ikatupa, mpaka kiyibodi kapena pansi pa makina kutukumuka, palibe fani imene ingachize zimenezo. Lekani kuitchaja, musaiboole, musaiponye pamoto, pitani nayo kwa mmisiri. Batire za lithium zikayaka zimavuta kuzimitsa, ndipo tonse tikudziwa chimene moto umachita kuno nthawi ya chilimwe. Powotcherera, tsegulani mawindo ndipo musambe m'manja mukamaliza, chifukwa soda yambiri ili ndi mtovu. Chomaliza, laputopu ikachoka panja pozizira n'kulowa m'chipinda chofunda, nthunzi imatha kusanduka timadontho pazitsulo zake. Idikireni kanthawi musanaiyatse.

Dziwaninso kuti kathebulo sikachiza laputopu imene yatsekeka ndi fumbi m'kati. Ngati fani ya laputopu ikulira kwambiri koma potulukira mpweya pakungotuluka kamphepo kofooka, makinawo akufunika kutsukidwa m'kati ndi munthu wodziwa. Kuwonjezera fani kunja kuli ngati kukupiza munthu amene wavala majuzi atatu.

Ntchito yoti muchite

Simukusowa kugula kathebulo ka m'sitolo kuti muyese zimene taphunzirazi. Zidutswa za matabwa kuno sizisowa. Khomani timatabwa tinayi motalikirana pamwamba pa tiwiri topingasa, kuti pakati pakhale mipata yodutsa mpweya. Thabwa siliyendetsa kutentha, choncho miyendo yanu yatetezeka, ndipo mipata ija ikulola convection kugwira ntchito.

Kenako ikani pulogalamu yaulere yoonetsa kutentha kwa purosesa, monga Core Temp kapena HWMonitor. Onetsani vidiyo imodzi kwa mphindi 10 laputopu ili pa tebulo, mulembe madigiri. Idikireni izizire, mubwereze ili pa timatabwa tanu, kenako pa kathebulo ka fani ngati mnzanu ali nako. Ya pabulangeti muyese kwa mphindi 5 zokha, ndipo muichotse ikafika madigiri 90. Vidiyo ikhale yomweyo, chipinda chomwecho, chaja yolumikiza kapena yosalumikiza nthawi zonse mofanana. Kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi ndiye mtima wa kuyesa kulikonse kwa sayansi.

Mafunso atatu oti muyankhe m'kope:

1. Kathebulo kali ndi mafani awiri, iliyonse 5 V, 0.18 A. Kodi atsala mawati angati a masipika pa USB 2.0? Nanga pa USB 3.0?

2. Laputopu ikutulutsa mawati 45 ndipo mpweya ukutuluka utakwera ndi madigiri 15. Pezani kulemera kwa mpweya wofunika pa sekondi, kenako malita ake kuno ku Chikangawa.

3. Fotokozani chifukwa chake bulangeti limafunditsa munthu koma limabanikitsa laputopu, pogwiritsa ntchito njira ziwiri za kayendedwe ka kutentha.

Mubwere ndi mayankho anu pamodzi ndi manambala a kuyesa kuja. Amene muli ndi fani kapena sipika yakufa kunyumba musaitaye kudzala, bwerani nayo ku labu tidzaiyeze ndi multimeter tonse pamodzi.